Makolo inu, chikwakwa mwachiyesa chidole?

Loweruka lapitali ndinaona zinthu zomwe mpaka lero mtima wanga sukukhala pansi, nde ndilankhula basi, okwiya akwiye. Bambo wina woyandikana nafe anapatsa kamnyamata kake ka zaka 7 chikwakwa chonola kumene kuti katchetche udzu kuseri kwa nyumba, iye nkukhala pakhonde maso ali pa foni. Chapafupi pomwepo mlongo wake wa mwanayo, wa zaka 9, khanda kumsana tsache m'manja. Sipanapite nthawi tinangomva kukuwa. Chikwakwa chagunda mwala, chanjanja, chamutema mwana pamsongolo, magazi chuchuchu. Mukudziwa mawu oyamba amene anatuluka pakamwa pa bamboyo? "Khala chete iwe, mwamuna salira." Atatero nkutembenukira mtsikana uja kuti iwe unali kuti osamuyang'ana mlongo wako.

Mwana wa zaka 9! Abereke khanda, asese bwalo, ayang'anirenso munthu amene wagwira chitsulo chakuthwa chotalika ngati iye mwini? Nanga inu bambo ntchito yanu pakhomopo ndi chani?

Ndipo musamuloze chala yekhayo ayi, ambirinu ndi momwemo. Mnyamata mumamutenga ngati anapangidwa ndi chitsulo. Kwera padenga ukachotse masamba. Kwera mumtengo ndi chikwanje ukasadze nthambi, mawaya a magetsi ali pamutu pake penipeni. Tenga petulo uyatse zinyalala. Senza mpope upopere mankhwala a udzu, alibe nsapato alibe chotchinga kumphuno, mankhwala otsalawo nkuwathira m'botolo la zakumwa nkusiya pansi pomwe kamwana kokwawa kamafika. Ena muli ndi makina otchetchera kapinga, mumaika mwana pamiyendo mukuyendetsa kuti ajambulidwe chithunzi, anzake akuthamanga kumbuyo pomwe makinawo akulavula miyala ndi mawaya. Madokotala a ana a ku America ananena kalekale kuti wosakwana zaka 12 asagwire makina okankha aja, ndipo okwerawo mpaka atakwana 16, koma inu wa sitandade 2 mwamupatsa kale poti "akhwime." Akhwime ndi zala zitatu? Reki mwaisiya chagada mano ali m'mwamba, malata adzimbiri ndi misomali zili mbwee muudzu momwe ana akuponda opanda nsapato, kafumbata mwamuiwala eti? Dzenje la zinyalala ladzaza madzi a mvula sabata yonse osalikwirira, mukudikira muvuulemo ndani?

Nde mtsikanayo, aaa, uyu ndiye mwamumanga miyendo. Akangoti athamange, "khala bwino ndiwe mtsikana." Akakwera mtengo, "tsika ukhala ngati mwamuna." Akagwira mpira, "udetsa diresi." Njinga munagulira mnyamata, mtsikana angoikankha kuilowetsa m'nyumba madzulo. Mnyamata akatchetcha mphindi 20 waweruka, wapita, palibe odziwa komwe ali mpaka mdima, kaya ali kudamu kaya ali kumsewu palibe ofunsa. Mlongo wake asese, atsuke, achape, alere, akamaliza dzuwa lalowa ndipo mukumuuza kuti mtsikana sayenda usiku. Ndiye asewera liti? Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mwana wa zaka 5 mpaka 17 azithamanga, kudumpha, kutuluka thukuta mphindi zosachepera 60 tsiku lililonse, ndipo silinati anyamata okha. Bungwe lomwelo linapeza mu 2019 kuti pa atsikana 100 a zaka 11 mpaka 17 padziko lonse, 85 sakufika pamenepo, anyamata 78. Onse ali pamavuto koma atsikana kwambiri, ndipo amene akuwatsekera pakhonde si wina ayi, ndi inu. Mafupa ake alimba bwanji? Tsiku lomwe adzafunike kuthawa galu kapena munthu woipa adzathamanga ndi miyendo iti, yomwe munailetsa kuthamanga ija?

Pena ndimadzifunsa kuti kodi mwa ana awiriwa amene mumamukonda ndi uti. Winayu mwamutaya kuti adzionere yekha, winayu mwamusandutsa wantchito, ndipo zonse ziwiri mukuzitcha kulera.

Wina asabwere apa kuti agogo akuti ana asamagwire ntchito. Ine ana anga, aamuna ndi aakazi omwe, anagwira khasu, anathirira mbewu, anakankha wilibala, anasesa onse mosinthana ndipo palibe amene tsache linamusandutsa china chake. Koma ndinkaima nawo pompo. Kakhasu kolingana ndi msinkhu, nsapato kuphazi, wamng'ono akhale kutali uko, tikamaliza zida zonse nkutsekera. Mwana akatema koyamba dzanja langa lili pa dzanja lake. Zikatha onse panja kukasewera, ndipo mtsikana wanga ndi amene ankafika kunsonga kwa mtengo kusiya alongo ake pansi, ine ndili patsinde maso m'mwamba. Chovuta chani pamenepa? Foniyo ithawa mukaiika pansi ola limodzi?

Kamnyamata kaja anakasoka kuchipatala, pano kakutsimphina, ndipo mwayi wake ndi woti chikwakwa chinapita kumwendo kwake osati kumutu kwa khanda lomwe linali mapazi ochepa chabe. Dzulo ndadutsa pomwepo. Chikwakwa chija chayedzamira khoma lomwe lija, panja, pomwe mwana aliyense angachifikire. Mtsikana uja khanda kumsana, akuyang'ana anzake akudumpha chingwe kutsidya kwa mpanda. Bambo pakhonde, foni m'manja.

Munthu wamkulu ndevu pepeya. Chitani manyazi!