Kodi kugwetsa mphamvu ya ndalama ndi sabuside?

Ine ndikuti ayi, malinga ndi momwe malamulo a malonda a pakati pa mayiko alili panopa. Koma omwe amati inde sakuyankhula zopanda mutu.

Banki yaikulu ya dziko ikamagula madola ambirimbiri pamsika kuti ndalama yakwawo isakwere mphamvu, kampani yogulitsa matayala kunja imasangalala. Madola omwe yalandira ikakasintha, imapeza ndalama zakwawo zochuluka, ndiye ikhoza kutsitsa mtengo wa tayala kunjako osaluza. Wopanga matayala wa m'dziko logulalo zimamupweteka m'thumba chimodzimodzi ngati boma linachita kupatsa mnzakeyo cheke.

Kungoti pangano la za sabuside la WTO, bungwe loona za malonda a pakati pa mayiko, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 1995, silifunsa kuti walira ndani. Limafuna kuti boma likhale litaperekadi ndalama kapena china chaphindu, wina n'kupindula nacho, komanso thandizolo likhale la kampani kapena gulu la makampani osankhidwa. Pomalizapa mpamene mlandu umagwera. Mtengo wosinthira ndalama susankha munthu. Umakhudza wogulitsa kunja, woitanitsa mankhwala, ngakhale kholo lolipirira mwana sukulu kudziko lina, ndipo awiri omalizawa amachita kuluza. Ngakhale kampani ya matayala ija, ngati zipangizo zina imagula kunja, imazigula modula. Sabuside yanji imeneyi yopatsa uku ikulanda uku?

Omwe analemba malamulowa nkhaniyi ankaidziwa. Ndime 15 ya GATT, pangano lalikulu la malonda a katundu pakati pa mayiko, imati pa zosintha ndalama azifunsa IMF, bungwe loona za ndalama padziko lonse, ndipo ndime 4 ya malamulo a IMF imaletsa mayiko kuseweretsa mtengo wa ndalama zawo pofuna kupambana anzawo pa malonda. Vuto n'lakuti IMF ilibe mphamvu yoika msonkho pa katundu wa wina. Brazil inayesapo kuibweretsa nkhaniyi ku WTO mu 2011, anthu anakambirana, koma lamulo latsopano silinatuluke.

Kenako America inangoganiza zodziyendera yokha. Mu 2020 unduna wake wa zamalonda unasintha malamulo kuti ndalama yogwetsedwa mphamvu iziwerengedwa ngati sabuside, ndipo makampani onse ogula kapena kugulitsa kunja anawatenga ngati gulu limodzi losankhidwa. Oyamba kulawa anali matayala a ku Vietnam. Unduna wa zachuma wa America unati ndalama ya Vietnam, dong, inali pansi pa mtengo wake weniweni ndi 4.7 peresenti mu 2019, ndipo mu 2021 msonkho unaikidwa.

Apa mpamene ine zimandinyansa. Mtengo weniweni wa ndalama ya dziko palibe amene amauona ndi maso. Akatswiri amachita kuwerengera, ndipo awiri akhoza kupeza mayankho osiyana kutalitali pa ndalama imodzi. Ndiye wodandaula yemweyo akhalenso wogwira sikelo? Taonani za China. Mu Ogasiti 2019 America inalengeza kuti China ikuseweretsa ndalama yake, pomwe IMF inali itangonena kuti ndalamayo, yuan, ili pafupifupi pamalo pake. Mu Januwale 2020, kutatsala masiku awiri kuti asainirane pangano la malonda, America inachotsa China pa mndandanda wa oseweretsa ndalama. Si yuan inasintha pamenepo, ndi ndale.

Komanso tisamanamizane, mayiko olemera nawo amafooketsa ndalama zawo, kungoti amadutsira khomo lina. Banki yaikulu ya America, Federal Reserve, itathira madola ochuluka pamsika pambuyo pa mavuto azachuma a 2008, nduna ya zachuma ya Brazil, Guido Mantega, inadandaula mu 2010 kuti kwabuka nkhondo ya ndalama. Yankho linali lakuti imeneyo ndi ndondomeko yam'nyumba yokonzera chuma. Chabwino, koma dziko losauka lomwe likusunga madola poopa tsiku loipa nalonso likhoza kunena zomwezo, ndipo ilo ndiye limalipitsidwa msonkho.

Ngati mayiko akufunadi kuti ikhale sabuside, akhale pansi alembe lamulolo limodzi, agwirizanenso woyeza wosakondera. Panopa ngakhale dziko litakadandaula ku WTO n'kupambana, woluzayo akhoza kungochita apilo, mlandu n'kuima pomwepo, chifukwa bwalo la apilo la bungweli linasiya kugwira ntchito mu Disembala 2019 America itakana kuti pasankhidwe oweruza atsopano.