Phenylephrine m'botolo la dripi: a ku Joni anafufuza, ife tikudikira chiyani?

Chimene chikupweteka mtima n'chakuti ife Amalawi ndi amene tinayamba kufufuza za chitetezo cha amayi pa opaleshoni yobadwitsa mwana. Pakati pa 1998 ndi 2000, ogonetsa odwala a m'zipatala zathu 25 analemba zonse zimene zinachitika pa maopaleshoni 8,070 obadwitsa ana. Amayi 85 anamwalira. Paul Fenton ndi anzake anatulutsa zotsatirazo mu magazini ya zachipatala ya BMJ mu 2003, ndipo zinasonyeza kuti jakisoni wa pamsana wochititsa dzanzi angapulumutse amayi ambiri kusiyana ndi kuwagonetseratu. Tinamva, tinayamba kubaya pamsana pafupifupi aliyense. Koma funso lotsatira, lakuti BP ikagwa tichite bwanji, tinasiyira a ku South Africa.

Aliyense wolowa m'thiyeta akudziwa mmene zimakhalira. Mwabaya mankhwala a dzanzi a heavy bupivacaine 0.5%, mamililita awiri, pakati pa mafupa a msana a L3 ndi L4. Mayi wagona chagada. Mitsempha ya magazi ya kumiyendo ndi m'mimba yalefuka, magazi adikha kumeneko, chiberekero nacho chikupsinja mtsempha waukulu wobwezera magazi kumtima. Pasanathe mphindi zisanu mayi akuyasamula, thukuta lili kamukamu pachipumi, akuti "ndikumva mseru". Mseru umenewo si wa chakudya ayi, ndi BP imene yatsika makina asanakuuzeni.

Anzathu a ku Joni anazitenga mozama. Malipoti awo ofufuza imfa za amayi, otchedwa Saving Mothers, anaonetsa kuti imfa zambiri za amayi zobwera ndi mankhwala ogonetsa zinkachitika pa jakisoni wa pamsana yemweyu, makamaka m'zipatala za m'maboma. Ku Pietermaritzburg, David Bishop ndi gulu lake anayamba kuyesa phenylephrine, mankhwala okweza BP, kumupereka BP isanagwe, kenaka anafika pa njira yosafuna pampu yolowetsera mankhwala konse. Kabotolo ka phenylephrine ka 10 mg amakasungunula mu 200 ml ya madzi a dripi a saline, mililita iliyonse ikhale ndi 50 mcg. Amatapamo 10 ml, ndiwo 500 mcg, n'kuthira mu lita yoyamba ya dripi ya Ringer's lactate, n'kutsegula dripi nthawi yomwe jakisoni walowa. Amayi ogwa BP anachepa. Basi, njira yake ndi imeneyi, ndipo anaiyesa pa amayi a kuno kummwera kwa Africa, m'chipatala chodzaza ngati zathuzi.

Ife timadikira BP igwe ndiye tiithamangitse. Ephedrine, mankhwala ena okweza BP, akakhalapo timabaya 6 mg, kenaka 6 mg wina, mtima wa mayi ukuthamanga ngati njinga yopanda mabuleki, mankhwalawo akudutsanso kupita kwa mwana n'kuwonjezera asidi m'magazi ake. Ephedrine akatha, ndiye adrenaline wosungunula pamanja usiku wa manda, munthu ali yekha, kuwerengera mumtima. Kuphonya kusungunula kamodzi kokha, wapatsa mayi mlingo woposa kakhumi.

Tisanamizane, phenylephrine nayenso amapha. Kabotolo kake n'kakang'ono, ndipo wina akabaya 10 mg yosasungunula m'mtsempha, BP imakwera mosaneneka mtima n'kufooka. Amachepetsanso kugunda kwa mtima, choncho atropine, wofulumizitsa mtima, azikhala m'sirinji pafupi. Mayi wa pre-eclampsia, matenda okweza BP pa mimba, amene BP yake ndi yokwera kale simumuikira dripi ya phenylephrine imeneyi, ndipo amene akutaya magazi akufunika magazi, osati mankhwala obisa vuto. Botolo lothiramo mankhwala lilembedwe moonekera, lisapite ku wodi ngati dripi wamba. Kupendeketsa mayi kumanzere ndi kuyeza BP mphindi iliyonse mpaka mwana atatuluka sikusiyidwa.

Apa ndivomereze chinthu chimodzi. M'zipatala zing'onozing'ono za ku Joni wobaya pamsana nthawi zambiri amakhala dokotala wongomaliza kumene sukulu, pamene kwathu ndi kilinikolo ofesa amene anaphunzira ntchito imeneyi payokha ndipo amaigwira tsiku ndi tsiku. Pa luso la manja, athuwa sawapeza. Anthu awa anagonetsa odwala ndi halothane ndi ketamine magetsi atathima, wodwala n'kudzuka bwinobwino. Ndiye n'chifukwa chake zikuwawa: luso tili nalo, koma mankhwala ndi manambala ali kwa anzathu.

A ku Zambia anatsegula maphunziro a madokotala akatswiri ogonetsa pa chipatala chachikulu cha UTH ku Lusaka mu 2011, nawonso akusuntha. A ku Mozambique amadalira matekinishani ngati ife.

Chimene tikusowa si nyumba yatsopano kapena makina a mamiliyoni. Phenylephrine afike m'thiyeta ya boma lililonse, kuyambira Chitipa mpaka Nsanje. Zipatala zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zigwirizane, zilembe BP ya mayi aliyense mphindi khumi zoyambirira, mwezi uno ndi dripi ya phenylephrine ija, mwezi wamawa popanda, kusinthanasinthana monga anachitira ku Pietermaritzburg. Pakati pa 1998 ndi 2000 ogonetsa athu anadzaza mafomu zikwi zisanu ndi zitatu ndi cholembera chabe, opanda foni ya intaneti m'thumba.