Chikepe chimatimanga pakamwa

Kuno ku Salima sungadutse munthu osamupatsa moni. Wakabaza pa Kamuzu Road amakhala atakufunsa kale za kumudzi musanafike n'komwe pamsika. Koma anthu omwewa akakwera mseu wa M14 kupita ku Lilongwe n'kulowa m'chikepe cha nyumba zosanja za ku City Centre zija, onse amangoti zii ngati pamaliro.

Chitseko chikangotsekeka, aliyense maso ali pa manambala oyaka pamwamba paja. Wina amatulutsa foni, chonsecho netiweki m'menemo imavuta. Ukati "Mwaswera bwanji, bambo?" amakuyankhira m'mphuno, enawo n'kumakuyang'ana cham'mbali. Amayi amene wasendera kuti alowe ndi katundu wawo, ngakhale zikomo amamumeza.

Chifukwa chake ndimachimva ndithu, ngakhale chimandinyansa. Katswiri wina wa ku America, Edward Hall, adanena kuti munthu akayandikira osakwana masentimita 45, amakhala walowa malo amene timasungira okondedwa athu okha. M'chikepe mlendo amakupumira m'khosi, ndiye njira yodzitetezera n'kupewa kuyang'anana. Komanso ulendo wake ndi wa masekondi chabe, pomwe moni wathu amafuna nthawi: ana adzuka bwanji, odwala aja, mvula kwanuko. Ukamafika pa "kaya inu" chitseko chatseguka kale, munthu wapita.

Komabe za masentimitazi sizikundikwanira. Pa matola opita ku Nkhotakota timakhalirana pamiyendo, thumba la usipa lili pamphuno, koma macheza ake mpaka wina kupitirira potsikira. M'chikepemu ine ndikuonamo matama a tayi ndi jekete basi.