Musanagule pivoti, kayezeni madzi mu Okutobala

Masiku ano nkhani ya minda ikuluikulu ikangoyambika, chithunzi chimene anthu amaponya ndi chomwechomwecho: chitsulo chachitali cha matayala chikuzungulira m'munda, madzi akuwaza, pansi pali biriwiri. Ndemanga zake nazo n'zodziwika, "izi ndiye tikufuna kuno." Ine sindikutsutsa ayi. Makina amenewa, omwe eni ake amati center pivot, ife tingoti pivoti, ndi abwino ndithu. Nzimbe zambiri ku Nchalo ndi kwa alimi a Phata ku Chikwawa zikukulira pansi pake, ndipo ku Mkushi ku Zambia tirigu wa nyengo yozizira amadalira omwewa. Chimene chimandivuta ndi mawu akuti pivoti imapulumutsa madzi, ngati kuti chitsulocho chili ndi nzeru zakezake. Wopulumutsa madzi ndi munthu amene anakhala pansi n'kuwerengera chitsulocho chisanafike pamunda, ndipo akalakwitsa iyeyo, pivoti imamwaza madzi ndi magetsi zaka makumi awiri osadandaula.

Makinawa anawatulukira mlimi wina wa ku Colorado ku America, Frank Zybach, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Chikalata cha umwini wa luso lake chinatuluka mu 1952, ndipo mu 1954 Robert Daugherty wa kampani ya Valley ku Nebraska anagula chilolezo chowapanga. Minda ya kumeneko inadulidwa mofanana mbali zonse zinayi, ndiye pivoti yofala kwambiri inakhala yotalika mamita pafupifupi 400, yothirira mahekitala pafupifupi 50. Mulingo umenewu unachokera pa kadulidwe ka malo a ku America. Palibe lamulo loti ifenso tizitsatira womwewo, komabe ndi umene ambiri amafunsa akafika kwa wogulitsa, poti ndi umene anauona pa chithunzi.

Tiyeni tiuone bwino mkombero wa mamita 400 umenewu. Gawo loyamba la paipi, mamita 50 oyandikira pakati, limathirira malo osakwana hekitala imodzi. Gawo lomaliza, mamita 50 omwewo koma a kunsonga, limathirira mahekitala pafupifupi 12. Kutalika kofanana, ntchito kuchuluka ka 15. Matayala a pakati amayenda mwaulesi, a kunsonga ndiye amathamanga, choncho chomera cha kunsonga chimalandira madzi ake onse pa mphindi zochepa pamene chapakati chimanyowa pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali. N'chifukwa chake timilomo totulutsira madzi, amisiri amati ma nozzle, timayamba tating'ono pakati n'kumakula popita kunja, ndipo kalikonse kali ndi malo ake olembedwa pa pepala lochokera kwa wopanga. Kamodzi kakasweka, wantchito n'kutenga kena kalikonse m'thumba n'kumangapo, ndiye kuti mwajambula mkombero wa mbewu zomira kapena zofota kuzungulira munda wonse. Ukakwera pamalo okwera umauona ndi maso, mzere wachikasu wozungulira bwinobwino pakati pa zobiriwira.

Apa ndi pamene dothi limalowerapo, ndipo ndikhalapo pang'ono chifukwa ndi pamene madzi ambiri amatayikira mosaoneka ngati kutaya. Dothi lililonse lili ndi liwiro lake lomwera madzi. La mchenga limamwa msanga koma silisunga. Katondo ali pakatikati. Makande, dothi lakuda lija la kuchigwa, likauma limang'ambika ming'alu yolowa dzanja, madzi oyamba amangolowa phwii, koma likangotupa n'kutseka limakana. Kaimeni kunsonga kwa pivoti yaitali pa makande muone. Mphindi zoyamba zonse zili bwino. Kenako pamwamba pamayamba kunyezimira, timadzi timasonkhana m'mizere, tikuyamba kuyenda, ndipo njira imene timapeza ndi mkwasa wa matayala. Mkwasawo umazama ulendo uliwonse, tsiku lina tayala latitimira, makina aima, anthu akukumba ndi makasu m'matope ofika m'mawondo. Pa pepala munda walandira mamilimita ake onse. Mukakumba pamzere wa chomera mupeza kuti pansi pa chikhatho chimodzi ndi pouma, pomwe kumunsi kwa munda kwasanduka dambo.

Chodabwitsa n'chakuti timilomo tamakono tosafuna presha yambiri, tomwe aliyense amatitama, tikhoza kukulitsa vuto limeneli. Akale ankaika zowaza pamwamba pa paipi, madzi n'kumaulukira m'mwamba, ena n'kupita ndi mphepo, ena n'kuuma asanafike pansi. Njira yabwino inapezeka yotsitsa timapaipi tolendewera kuti madzi azitulukira pafupi ndi mbewu. Mphepo imaba ochepa, pampu nayo sivutika. Koma madzi omwe ankagwera pamalo otambalala tsopano akugwera pa kamalo kochepa, ndiye mphamvu yake pa dothi yakwera. Pa mchenga palibe vuto. Pa makande otsetsereka mwangosintha wakuba, poyamba inali mphepo, tsopano ndi mtsetse.

Akatswiri a ku Texas, William Lyle ndi James Bordovsky, amene anayambitsa njira yotchedwa LEPA chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ankadziwa zimenezi. M'njira yawo madzi amatsikira m'khwawa la mzere mwachindunji, koma amati mizere ilimidwe mozungulira kutsata pivoti, ndipo m'makwawa muikidwe timilambala totchinga madzi kuti akhale pomwe agwera mpaka alowe. Ndi zija alangizi athu akhala akutiuza kalekale za kutseka mizere ngati mabokosi. Wogulitsa akakuuzani kuti makina ake amafikitsa madzi 95 pa 100 alionse ku mbewu, mufunseni ngati nambalayo ikuphatikizapo mizere yotseka, mapesi ophimbira nthaka ndi munda wosalala. Popanda izi nambalayo ndi ya m'kabuku chabe.

Ndiye pa dothi lolemera maganizo anga ndi awa: bola mapivoti awiri aafupi kusiyana ndi imodzi yaitali. Inde, pa hekitala iliyonse yaifupi imadula, n'chifukwa chake owerengera ndalama amakonda yaitali. Koma yaifupi sithira madzi mwaukali kunsonga, presha sitayika kwambiri m'paipi, ndipo imodzi ikafa inzake ikugwirabe ntchito. Sankhani zowaza zozungulira zomwe zimamwaza motambalala, yendetsani makina mofulumirirapo kuti aziika madzi ochepa kawirikawiri, ndipo ngati munda uli ndi zitunda, chowaza chilichonse chikhale ndi kachipangizo kake kosunga presha pa mulingo umodzi, apo ayi zakumunsi zidzamwa gawo la zakumtunda.

Mfuti ya kumapeto kwa pivoti, chowaza chachikulu choponya madzi kutali kuti afike m'makona, ine ndilibe nayo chikondi. Mkombero umatenga magawo pafupifupi 79 pa 100 a munda wa mbali zinayi zofanana, otsalawo ndi makona, ndipo mtima umapweteka kuwaona ali gwaa. Koma mfutiyo imafuna presha yaikulu, nthawi zambiri ndi kapampu kake kapadera, ndipo mwera ukawomba madzi ake amakathirira msewu. M'makona dzalanimo mitengo ya zipatso, ikanimo ndiwo zamasamba zothirira modontheza, mangani nkhokwe.

Tsopano madzi enieniwo. Masamu ake ndi a ku pulayimale koma ndi amene amadumphidwa. Milimita imodzi pa hekitala imodzi ndi malita 10,000. Tiyerekeze kuti m'nyengo yotentha kwambiri mukufuna kuthira mamilimita 8 patsiku. Pa mahekitala 50 amenewo ndi malita 4 miliyoni tsiku lililonse. Pampu ikamayenda usana ndi usiku osapuma, mukufunika malita 46 pa sekondi. Ikamayenda maola 20, malita 56. Magetsi akamapezeka maola 16 okha, malita pafupifupi 70 pa sekondi, kutanthauza pampu yokulirapo, paipi yokulirapo, ndi madzi ogwa mwaukali kwambiri pa makande aja. Mwaona mmene kuzima kwa magetsi kumakafikira mpaka ku mkwasa wa tayala? Tonse tikukumbuka kuti namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Wokonza pivoti kuno n'kumawerengera maola 24 a magetsi akulota. Ena amati tidzaika sola. Zabwino, koma dzuwa limapereka mphamvu yokwanira maola ochepa a masana, nthawi yomweyo imene kutentha ndi mphepo zimaba madzi kwambiri, ndiye pulani ya sola iyenera kubwera ndi damu losungira madzi kapena munda wocheperapo.

Ndipo malita amenewa ayezedwe liti? Mtsinje umene mwauona mu Epulo ukusefukira si umene mudzaupeze mu Okutobala, pamene mbewu ikufuna madzi ambiri kuposa nthawi ina iliyonse. Mjigo nawonso uyesedwe popopa maola ambiri motsatizana chilimwe chitafika pachimake, kuti muone pamene madzi akukhazikika. Ngati gwero likupereka malita 30 pa sekondi mwezi umenewo, munda wanu ndi wa malita 30, kaya ndalama zilipo zogulira chitsulo chachitali bwanji. Pivoti yaikulu pa madzi ochepa imazungulira mokongola, alendo n'kujambula, koma chimanga chikamasula ngayaye chimapezeka ndi ludzu ponseponse. Madziwo apitenso ku labu. M'madera ena a Chikwawa ndi Nsanje madzi a pansi ndi amchere, ndipo kuwaza madzi otere pamasamba dzuwa likuswa mtengo ndi kuwotcha mbewu, kwinaku mchere ukuunjikana m'nthaka chaka ndi chaka. A mumtsinje nawo amabwera ndi matope ndi zinyalala, popanda sefa yabwino timilomo tating'ono ta pakati timatsekeka msanga.

Makina akaimikidwa, pali kayeso kamene sikafuna katswiri wochokera kunja. Tolerani zitini zofanana kukula, muziike pamzere wowongoka kuchokera pakati mpaka kunsonga, motalikirana mamita angapo, m'mawa kusanayambe mphepo. Pivoti idutse. Kenako yendani ndi kabotolo koyezera, kuthira chitini chilichonse n'kulemba. Mupeza china chadzadza, choyandikana nacho muli timadzi tongonyowetsa pansi, ndipo mukayang'ana m'mwamba muona kamlomo kotsekeka ndi kachidutswa ka udzu, kapena kachipangizo ka presha kotopa. Kumbukirani kuti chitini cha kunsonga chikuimira malo aakulu kuposa cha pakati, ndiye cholakwika cha kunja chimalemera kwambiri. Kayeso aka kachitike wogulitsa asanalandire ndalama yomaliza, ndipo kabwerezedwe chaka chilichonse. Zipangizo zoyeza chinyezi m'nthaka ndi makompyuta osintha madzi malo ndi malo zilipo, n'zothandiza, koma kuziika pa pivoti imene sinayesedwepo ndi zitini n'kungowonjezera mawaya. Khasu lokumbira kuona pamene chinyezi chafika likadali ndi ntchito.

Pali mbali ina imene amisiri sakonda kuikamba chifukwa si ya zitsulo. Madzi opulumutsidwa amapita kuti? Ku Kansas, kumene alimi amapopa madzi a pansi pa nthaka a Ogallala, kafukufuku amene anatuluka mu 2014 anapeza kuti alimi atasinthira ku timapaipi tolendewera tija, madzi opopedwa sanatsike, anakwera pang'ono. Chifukwa chake n'chomveka: kuthirira kukatsika mtengo, munthu amakulitsa munda kapena kudzala mbewu yaludzu. Kumene madzi anatsikadi ndi kumene alimi anagwirizana malire, monga m'dera la Sheridan ku Kansas komweko kuyambira 2013, komwe anadziikira okha mulingo wodula pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a madzi opopa, mita ili pa pampu iliyonse. Saudi Arabia inadzaza chipululu ndi mikombero ya tirigu mpaka kumagulitsa kunja, koma madzi ake anali akalekale osabwerera. Mu 2008 boma linalengeza kuti lisiya pang'onopang'ono kugula tirigu wa m'dzikomo, ndipo pofika 2016 linasiya. Makina awo anali apamwamba zedi.

Kuno tili ndi lamulo la madzi la 2013 ndi bungwe la National Water Resources Authority lopereka zilolezo zotunga madzi. Ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme yochokera ku Kapichira ikukonzedwa kuti idzathirire mahekitala oposa 40,000, ndipo mapivoti adzachuluka. Ine ndikanakonda kuti pivoti iliyonse, ya kampani kaya ya kopaletivi, isayatsidwe popanda mita ya madzi pa pampu, ndipo chilolezo chizinena malita a pachaka komanso a mwezi wa Okutobala pawokha. Manambala a mitayo azimatidwa poonekera, pa ofesi ya kopaletivi kapena kwa amfumu, kuti amayi olima madimba kumunsi kwa mtsinje ndi abusa omwetsa ng'ombe pa dooko aziwerenga okha, mtsinje ukaphwa asamangouzidwa kuti chaka chino mvula inavuta.