Dzina la nsomba loti Micropterus linachokera pa chipsepse chong'ambika

Nkhani yanu yonena za nsomba yotchedwa Guadalupe bass ndaikonda, koma pamene mwalemba kuti nsombayi ndi m'bale wake wa bass wa m'nyanja yamchere, mwaphonya pang'ono. Iyi ndi ya banja la Centrarchidae, limodzi ndi ma sunfish, nsomba za m'madzi opanda mchere. Dzina lake lasayansi ndi Micropterus treculii. Loti Micropterus limatanthauza "kachipsepse kakang'ono", ndipo linabwera mwangozi. Mu 1802 Lacépède, Mfalansa wofufuza zachilengedwe, anaona nsomba ina ya m'gulu lomweli yong'ambika chipsepse cha pamsana n'kuyesa kuti ndi mmene inabadwira. Dzinalo linakhazikika basi! Loti treculii n'lokumbukira Auguste Trécul, Mfalansa wofufuza zomera. Chondidandaulitsa ine n'choti m'mitsinje ya pakati pa Texas, ku America, Guadalupe bass inaswana ndi smallmouth bass, mtundu wina wa bass wobwera nawo anthu, moti yeniyeniyo inachepa, chonsecho Texas inaisankha kukhala nsomba yoimira derali mu 1989.