Jena ndi Warsaw: lojiki ya munthu mmodzi ndi lojiki ya gulu

Ukafunsa komwe lojiki yamakono (maphunziro a malamulo a kaganizidwe kolondola) idabadwira, ambiri amaloza ku Germany, ndipo sanama. Mu 1879 Gottlob Frege, mphunzitsi wa masamu pa yunivesite ya Jena, adatulutsa kabuku kosafika masamba 100 kotchedwa Begriffsschrift. M'menemo adapeza njira yolembera "onse" ndi "ena" m'zizindikiro, moti chiganizo chonga "munthu aliyense ali ndi mayi ake" chikhoza kupimidwa ngati samu. Lojiki ya Aristotle, katswiri wakale wa ku Greece, yomwe idalamulira zaka zoposa 2,000, pa ziganizo zotere inkagwira njakata.

Koma kwawoko adamusamala ndi ochepa. Zizindikiro zake zinkazunza osindikiza mabuku, ophunzira m'kalasi mwake anali owerengeka ndi zala, ndipo gawo lachiwiri la buku lake lalikulu, la mu 1903, adalipira yekha. Lisanatuluke n'komwe, kalata ya mu 1902 ya Bertrand Russell, katswiri wa lojiki wa ku England, idamuonetsa kuti maziko ake akudzitsutsa okha. Frege adamwalira mu 1925 dzina lake lisanamveke kwenikweni.

Aneba awo a ku Poland adayenda njira ina. Kazimierz Twardowski, mphunzitsi wa filosofi, adafika pa yunivesite ya ku Lwów (lero ndi Lviv, ku Ukraine) mu 1895, dziko la Poland kulibe pa mapu, mzindawo uli m'manja mwa Austria. Iyeyu lamulo lalikulu la lojiki sadapeze. Ntchito yake idali kuumba anthu: kusunga nthawi, kulemba zomveka, osatchula liwu lomwe sungathe kulimasulira. M'manja mwake mudatuluka Jan Łukasiewicz ndi Stanisław Leśniewski, omwe adakaphunzitsa ku Warsaw, nawonso n'kulera Alfred Tarski. Mu 1920 Łukasiewicz adayambitsa lojiki yomwe pakati pa "zoona" ndi "zabodza" pali chachitatu, ndipo mu 1933 Tarski adalongosola mwa masamu tanthauzo la kunena kuti chiganizo n'choona. Chaka cha 1920 chomwecho akatswiri a masamu a ku Warsaw adakhazikitsa magazini yawoyawo, Fundamenta Mathematicae, kuti ntchito zawo zisamwazikane m'magazini a eni.

Ine mtima wanga uli ku Poland. Nzeru za Frege palibe wa ku Warsaw adaziposa, koma zidachita kudzera ku England kwa Russell kuti kwawo azizindikire, pomwe a ku Poland, dziko longolandira ufulu mu 1918, m'zaka 20 zokha anali atafika pamzere woyamba. Tisawalakwire a ku Germany: ku Göttingen katswiri wa masamu David Hilbert naye adasonkhanitsa gulu lamphamvu, kungoti lidabalalika chipani cha Nazi chitayamba kuchotsa Ayuda m'mayunivesite mu 1933.

Chipani chomwecho ndicho chidaphwasulanso Warsaw. Adolf Lindenbaum, mmodzi mwa akatswiri a lojiki a kumeneko, adaphedwa mu 1941, Łukasiewicz adakathera ku Dublin, ku Ireland. Tarski adapulumuka chifukwa adakwera sitima yopita ku msonkhano ku America mu Ogasiti 1939, nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itatsala masabata ochepa kuyamba, ndipo kuyambira 1942 adakaphunzitsa pa yunivesite ya ku Berkeley, ku America komweko, komwe adalera gulu lina la akatswiri a lojiki.