Mwana akatuluka matuza atayamba mankhwala atsopano, musadikire kuti kuche

Makolo anzanga kuno ku Joni, maganizo anga ndi awa: chizolowezi chathu choyitanitsa Bactrim ndi Fansidar kumudzi pa basi, n'kumapatsa ana popanda dokotala, chitheretu. Mankhwala awiriwa ali ndi salifa, ndipo ali m'gulu la mankhwala odziwika kuti amayambitsa matenda oopsa a khungu otchedwa Stevens-Johnson syndrome. Dzinali linachokera kwa madokotala awiri a ana a ku America omwe anawafotokoza mu 1922. Ena m'gululi ndi nevirapine (amodzi mwa ma ARV), mankhwala a khunyu monga carbamazepine, phenytoin, phenobarbital ndi lamotrigine, komanso ena a TB. Matendawa sagwira anthu ambiri, choncho mwana amene dokotala wamulembera mankhwalawa azimwa ndithu. Chofunika n'kudziwa zizindikiro.

Chimasokoneza makolo ndi nthawi. Vutoli silibwera tsiku lomwe mwana wayamba kumwa ayi. Nthawi zambiri limaonekera pakati pa masiku 4 ndi 28, mwinanso mpaka masabata 8, ndiye palibe amene amaganizira za mapiritsi aja. Limayamba ngati chimfine: kutentha thupi, zilonda kukhosi, maso kufiira. Pakapita tsiku limodzi mpaka atatu khungu limatuluka mawanga ofiira moderako, apakati pake akuda. Agogo amati ndi chikuku kapena katsabola. Kusiyana kwake ndi uku: khunguli limapweteka ngati lapsa, milomo imang'ambika n'kuchita nkhanambo za magazi, mwana amakana kumeza, amalira pokodza, ndipo mukakhudza pang'ono khungu lapamwamba limasendeka. Chimene chikuchita zimenezi ndi chitetezo cha m'thupi mwake chomwe, chomwe chayamba kupha maselo a khungu chifukwa cha mankhwalawo.

Mukaona izi musamupatsenso mankhwalawo, ndipo nyamukani ola lomwelo. Ndikunenetsa za ola lomwelo chifukwa mankhwala a khunyu ndi ma ARV sasiyidwa chabe, dokotala ayenera kuika ena m'malo mwake. Tengani mapaketi ndi mabotolo onse, azitsamba omwe, pamodzi ndi buku la mwana la kuchipatala lotchedwa Road to Health, ndipo nenani tsiku limene mwana anayamba kumwa chilichonse. Musabise zoti ena anachokera kumudzi. Matuza musaboole, musapake Colgate, mafuta ophikira kapena zitsamba. Ambulansi ndi 10177, kapena 112 pa foni ya m'manja. Za mapepala zisakuchedwetseni: gawo 27 la malamulo aakulu a dziko lino limati munthu aliyense asakanizidwe chithandizo chadzidzidzi.

Kuchipatala amayeza kukula kwa khungu lomwe lasendeka. Chikhatho cha mwanayo pamodzi ndi zala ndi pafupifupi 1 peresenti ya thupi lake. Likakhala losakwana 10 peresenti ndi Stevens-Johnson, likapitirira 30 peresenti amati toxic epidermal necrolysis, ndipo apa imfa imakhala pafupi. Mwana wotere amasamalidwa ngati wopsa ndi moto, m'zipatala zazikulu monga Chris Hani Baragwanath ku Soweto, komwe kuli wodi ya opsa. Amamuika diripi chifukwa madzi amatayikira pa zilonda, amayeza mkodzo kuti aone ngati impso zikugwira ntchito, chipinda amachitenthetsa kufika madigiri 30 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo chakudya chimadzera m'kapaipi ka m'mphuno ngati m'kamwa mwaonongeka. Zilonda amaphimba ndi mabandeji osamata. Mankhwala opha majeremusi amapereka pokhapokha zilonda zikalowa matenda, poti majeremusi olowa m'magazi ndiwo amapha ambiri. Pa za mankhwala olimbana ndi matenda enieniwo monga steroid, ciclosporin ndi immunoglobulin madokotala sanagwirizanebe kuti abwino koposa ndi ati, ndiye musadabwe chipatala china chikachita mosiyana ndi chinzake.

Pamene ndimafuna makolo alimbe mtima n'kufunsa ndi pa maso. Khungu limameranso pakatha masabata awiri kapena atatu, koma maso akanyalanyazidwa zikope zimamatirira ku diso, misozi imauma, ndipo mwana akhoza kuchita khungu moyo wake wonse. Funsani mwaulemu ngati dokotala wa maso wamuona kuyambira masiku oyambirira, ndipo madontho a m'maso asadumphitsidwe ngakhale usiku. Kumaliseche nakonso kumafunika kuonedwa, tisachite manyazi, chifukwa zipsera zimatha kutseka njira.

Potuluka m'chipatala pemphani kuti dzina la mankhwala olakwitsawo lilembedwe m'buku la mwana, ndipo mumugulire chibangili cha MedicAlert, chomwe chimachenjeza achipatala za mankhwala amene samuyanja. Ngati anali carbamazepine, dziwani kuti phenytoin ndi phenobarbital akhoza kuchita chimodzimodzi. Mukamutumiza kwa agogo ku Mangochi kapena ku Mzimba pa holide, dzinalo lilembedwenso m'buku lake la kuchipatala la kumudzi, chifukwa akamwanso kachiwiri vutoli limabwera msanga kuposa poyamba.